Mangani Nyumba Yozizira ndi Yolimba Osagwetsa Nkhalango: Kabuku ka Mabanja a ku Vubwi, Katete ndi Sinda

MAWU OYAMBA

Chiyambire chaka cha 2012, pamene Vubwi anapatulidwa ku Chadiza n'kukhala boma palokha, ndipo Sinda anapatulidwa ku Katete ndi Petauke, ntchito yomanga yakula kwambiri m'dera lathu. Mlimi akagulitsa soya, nshawa, chimanga kapena fodya, ndalama yoyamba imathamangira ku malata ndi njerwa. Palibe cholakwika pamenepo, banja lililonse liyenera kugona pabwino.

Vuto lili pa kamangidwe. Nyumba zambiri zatsopano zimatentha moti mwezi wa Okutobala eni ake amagona pakhonde, pomwe mu Juni amagona akunjenjemera. Mitengo ikuluikulu imene inkatipatsa mthunzi, masuku ndi bowa yathera mu uvuni wowotchera njerwa. Tikulipira kawiri: nkhalango ikupita, ndipo nyumba imene tapezayo sikutipatsa mpumulo.

Kabukuka kakufuna kukuonetsani kuti nyumba yozizira, youma ndi yokhalitsa imachokera pa zimene mwasankha musanakumbe maziko: malo, koyang'anitsa nyumba, dothi ndi denga. Zambiri mwa zimenezi sizifuna ndalama yowonjezera. Werengani pamodzi, bambo, mayi ndi mmisiri amene mudzamupatse ntchito.

1. ZIMENE UVUNI UMATIDYERA

Uvuni safuna tinthambi. Umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usiku ndi usana, ndiye nkhwangwa imalunjika pa mombo, muwanga, msuku, ngakhale mango wapakhomo. Mitengo yotere imatenga zaka makumi kuti ikule. Kafukufuku wa nkhalango m'Zambia wakhala akuonetsa kuti dziko limataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 chaka chilichonse, chifukwa cha kutsegula minda, makala, nkhuni zophikira, zowotchera fodya ndi zowotchera njerwa.

Kuno kwathu zotsatira zake sizibisika. Phiri likakhala lambee, mvula imatsika ndi liwiro, imakokolola nthaka ya m'munda n'kukatsira mchenga m'madimba. Zitsime zimaphwa msanga. Amayi ndi atsikana amayenda mtunda wautali kuti apeze mtolo wa nkhuni. Maenje okumbamo dothi la njerwa amasiyidwa kukamwa, dzinja amadzaza madzi, udzudzu umaswana ndipo ana amatha kugweramo.

Anzathu a tsidya la malire, ku Malawi, anafika poika lamulo mu 2018 loletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Ife tisadikire kuti lamulo litikakamize. Njira zina zilipo, ndipo zina mwa izo makolo athu ankazidziwa kale.

2. MALO NDI KOYANG'ANITSA NYUMBA

Amfumu akakulozerani malo, musathamangire kukhoma zikhomo. Pitani pamalopo mvula itangogwa kumene, muone kumene madzi akudutsa ndi pamene akuima. Mangani pokwererapo. Pewani m'mphepete mwa dambo ndi pa makande, chifukwa makande amafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, ndipo khoma limang'ambika nawo. Musamange pa chulu kapena pafupi nacho. Mitengo imene mwaipeza pamalopo, makamaka ya kumadzulo, isiyeni; mthunzi wake simungaugule.

Kenako yang'anani dzuwa. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto. Dzuwa lovutitsa kwambiri ndi la madzulo, limene limatsika n'kumenya khoma la kumadzulo molunjika, nthawi imene kunja kwatentha kale. Khoma limenelo limasunga kutenthako n'kukutulutsira m'chipinda usiku.

Choncho chitani izi:

- Nyumba italike kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, makoma aafupi ndiwo ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa.
- Mawindo aakulu akhale kumpoto ndi kum'mwera. Denga lotuluka bwino limawatchinga nyengo yotentha, pomwe mu Juni dzuwa lopendekera kumpoto limalowa n'kufunditsa nyumba.
- Kumadzulo ikani sitolo, bafa kapena khonde. Chipinda chogona ana chisakhale kumeneko.
- Onani nyumba zakale za m'mudzi mwanu. Khoma limene linadyeka kwambiri likukuuzani mbali imene mvula ya mphepo imachokera. Mbali imeneyo mudzaike khonde lalikulu.

Ambiri amayang'anitsa nyumba kumsewu posaganizira dzuwa. Chitseko chikhoza kuyang'ana kumsewu, koma kutalika kwa nyumba kutsate dzuwa. Kutembenuza nyumba pa nthawi ya zikhomo ndi chingwe n'kwaulere. Mukathira maziko, mwatseka mpata umenewu.

3. YESANI DOTHI LANU

Dothi lomangira si lapamwamba lakuda lija. Limenelo ndi la mbewu: lipaleni, muliunjike pambali, mudzalibwezere. Lomangira lili pansi pake, ndipo liyenera kukhala ndi mchenga wambiri ndi dongo lokwanira kugwirizitsa. Katondo wosakanikirana ndi mchenga nthawi zambiri amachita bwino. Pali mayeso atatu amene aliyense angachite pakhomo.

Mayeso a botolo. Tengani botolo loonekera mkati, muthiremo dothi losefa mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu. Thirani madzi pafupifupi kudzaza, ndi kamchere pang'ono. Khutchumulani kwambiri, muliike pamalo osagwedezeka mpaka mawa. Mchenga umakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Dothi labwino la njerwa zotsindira limakhala ndi mchenga woposa theka, dongo likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu.

Mayeso a njerwa. Umbani njerwa zisanu, muziumitse pamthunzi. Zikang'ambika, dongo lachuluka: onjezani mchenga. Zikamanyenyeka mukazikanda ndi chala, mchenga wachuluka: sakanizani ndi dothi la dongo. Dothi la pachulu lili ndi dongo lambiri, ndiye pa lokha limakonda kung'ambika; lisakanizeni ndi mchenga.

Mayeso a chinyezi, kwa amene akufuna mdindo kapena njerwa za pamakina. Fumbatani dothi lonyowetsa mpaka likhale kampira, mukagwetse kuchokera m'chiuno pa nthaka yolimba. Kakaphwanyika zidutswa zinayi kapena zisanu, madzi akwana. Kakamwazika ngati ufa, dothi lauma. Kakangophwatalala osasweka, madzi achuluka.

4. NJIRA ZITATU ZA KHOMA LOSAWOTCHA

Khoma ladothi lochindikala lili ngati fuwa la pamoto: limachedwa kutentha ndipo limachedwa kuzizira. Masana limamwa kutentha pang'onopang'ono, mkati mukadali mozizira; usiku wa Juni limabweza kafundidwe kaja. Khoma lopyapyala silingachite zimenezi.

Zidina. Izi ndi njerwa zoumba m'chikombole n'kuziumitsa osawotcha. Pondani dothi dzulo lake, ligone, mawa muumbe. Mukasakanizamo udzu wodula tizidutswa, sizing'ambika kwambiri. Masiku oyamba zivundikireni ndi udzu kuti zisaume mothamanga, kenako ziimikeni cham'mbali mphepo izipita. Dikirani masabata atatu kapena anayi musanamangire. Khoma lakunja likhale lochindikala masentimita 25 mpaka 30, ndipo mumange ndi matope a dothi lomwelo.

Mdindo. Apa simuumba njerwa. Mumaika matabwa awiri mbali ndi mbali, kuthira dothi lachinyezi pang'onopang'ono, masentimita 10 mpaka 15 nthawi imodzi, n'kulisinja ndi musi mpaka kulira kwake kusinthe. Mukadzaza, mumasuntha matabwa. Mdindo wosinja bwino umalimba kwambiri, koma wosinja mwaulesi umagumuka m'makona. Khoma likhale masentimita 30 kapena kuposa.

Njerwa zotsindira pamakina. Dothi losefa limasakanizidwa ndi simenti wochepa, n'kulifinya m'makina okoka ndi manja. Makina oyamba a mtundu umenewu, otchedwa CINVA-Ram, anapangidwa ku Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero a mitundu yosiyanasiyana akugwira ntchito m'maiko ambiri a mu Africa. Ena amatulutsa njerwa zolowana, zosafuna matope ambiri pakati. Kapangidwe kake nkotere:

- Sefani dothi louma, muchotse miyala ndi mizu.
- Yezani ndi ndowa imodzi yomweyo: ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 12 mpaka 16 za dothi. Dothi la mchenga wabwino limalola simenti wocheperapo. Yambani ndi njerwa zoyesera.
- Sakanizani zouma mpaka mtundu ufanane, kenako wazani madzi pang'onopang'ono. Chitani mayeso a kampira aja.
- Sakanizani zokwana kutha mu ola limodzi, chifukwa simenti akanyowa sadikira.
- Njerwa zikatuluka, ziikeni pamthunzi, zivundikireni ndi pepala lapulasitiki kapena udzu, muziziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7.
- Mangirani patatha masiku 28. Musanatero, mizani njerwa ziwiri m'madzi usiku wonse. Zabwino zimatuluka zili zolimba.

Ambiri amene amanyoza njerwa zimenezi anaona zimene zinaumitsidwa padzuwa tsiku lomwelo. Simenti amalimba ndi chinyezi. Mukamana njerwa madzi sabata yoyamba, mwataya thumba lanu la simenti.

Simenti nayenso si waulere kwa chilengedwe kapena kwa thumba lanu. Amapangidwa powotcha miyala pa moto waukulu m'mafakitale monga a ku Chilanga ndi ku Ndola, ndipo amayenda makilomita mazanamazana kuti afike ku Vubwi. N'chifukwa chake tikuti mumuike pamene akufunikadi: m'maziko, pamwamba pa zitseko ndi mawindo, ndi pa lamba womanga khoma.

Khoma la mtundu uliwonse litsate malamulo awa. Chitseko kapena windo lisayandikire kona kuposa masentimita 60. Khoma lalitali kuposa mamita anayi likhale ndi khoma lina lolumikizana nalo kapena nsanamira. Pamwamba pa makoma onse pakhale lamba wozungulira nyumba, wa konkire ndi zitsulo kapena wa matabwa olumikiza bwino, kuti makoma agwirane.

5. ADANI AWIRI: MADZI NDI CHISWE

Nyumba yadothi sigwa chifukwa choti ndi yadothi. Imagwa chifukwa madzi alowa pansi kapena pamwamba pa khoma. Mukatseka njira ziwirizi, adzukulu anu adzaipeza.

Kumbani maziko mpaka mutapeza nthaka yolimba, kawirikawiri masentimita 45 mpaka 60. Kuno miyala siisowa. Maziko a miyala ndi abwino ndipo safuna nkhuni. Ngati mugwiritsa ntchito njerwa zowotcha, malo ake ndi ano, pamodzi ndi m'dzenje la chimbudzi. Potero njerwa zowotcha zimene mukufuna zimachepa kwambiri. Maziko atuluke pamwamba pa nthaka masentimita 30 kapena kuposa, kuti madzi odontha kudenga akamathovukira asakhudze dothi la khoma.

Pamwamba pa mazikowo yalani pepala lakuda lapulasitiki lochindikala musanayambe khoma. Limaletsa chinyezi kukwera. Makoma amene mumawaona atayera mchere ndi kufumbutuka m'munsi anamangidwa opanda pepala limeneli. Kuzungulira nyumba tsirani dothi lotsetserekera kunja, ndipo kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi.

Pomata khoma la zidina kapena mdindo, musathamangire pulasitala wa simenti. Simenti ndi dothi sizigwirana bwino. Pulasitala amafufuma, madzi amabisala kuseri kwake, khoma limaola osaoneka. Matani ndi dothi losakaniza mchenga ndi ndowe ya ng'ombe, kapena laimu ndi mchenga. Pamwamba pakani laimu woyera, amene amabweza dzuwa. Chaka chilichonse mvula isanayambe, yenderani khoma lonse ndi kutseka ming'alu, monga momwe amayi amazirira pansi.

Za chiswe: chotsani zitsa ndi mizu yonse pamalo omangapo. Mtengo uliwonse wa nyumba usakhudze nthaka. Nsanamira za khonde ziime pa mwala kapena pa konkire. Musaunjike nkhuni kapena mapesi motsamira khoma. Maziko otuluka pamwamba amakuthandizani kuona tinjira ta chiswe tikangoyamba, n'kutiphwanya. Mitengo yothira mankhwala imakhalitsa, koma zidutswa zake musaphikire, utsi wake ndi woipa.

6. DENGA

Kutentha kochuluka kumalowera kudenga. Malata opanda kanthu pansi pake amatentha masana, amazizira usiku, ndipo m'mawa wa Juni amadontha thukuta pa zofunda.

Ngati mufolera ndi malata, sankhani owala kapena a mtundu woyererako. Malata akuda ndi a mitundu yakuda bii amaoneka bwino kumsewu koma amamwa dzuwa kwambiri. Pansi pake ikani siling'i. Sikuti mpaka mugule mabolodi ku Chipata: bango, nsungwi zong'amba kapena mphasa zokhomera bwino zimagwira ntchito. Pakati pa malata ndi siling'i pakhale mpata, ndipo pamwamba pa makoma aafupi aja siyani timabowo kuti mpweya wotentha uzituluka. Timabowoto titsekeni ndi waya wa sefa, kuti mileme, makoswe ndi udzudzu zisalowe.

Nzeru imeneyi ndi imene inatchukitsa Francis Kéré wa ku Burkina Faso. Mu 2001 anamaliza sukulu ya pulayimale m'mudzi wa kwawo wa Gando, dziko lotentha kuposa kuno, pogwiritsa ntchito njerwa zadothi zosakaniza simenti pang'ono. Malata anawakweza pamwamba pa siling'i kuti mphepo izidutsa pakati. Anthu a m'mudzimo ndiwo anagwira ntchitoyo. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri kwa akatswiri ojambula nyumba, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Amene amati dothi ndi chizindikiro cha umphawi aganizire zimenezi.

Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposa mbali zonse. Amisiri ena amadula malata pafupi ndi khoma pofuna kusunga ndalama. Ndalamayo mudzailipira pokonza khoma. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali imodzi. Mitanda imangidwe ndi waya wochindikala wochokera mkati mwa khoma, mizere inayi kapena isanu ya njerwa pansi, kapena wokulunga pa lamba uja. Miyala yosanjika pa malata siletsa mphepo yamkuntho, ndipo ikagwa imavulaza.

Udzu musaunyoze. Pa kuzizira, denga la udzu limaposa malata. Chofunika ndi kulipendeketsa kwambiri, madigiri 45, ndiye kuti likakwera mita imodzi liyendenso mita imodzi cham'mbali, kuti mvula izitsika mwachangu. Udzu ukhale wokhwima, wopesa, wofolera mochindikala. Kuti udzu wotere upezeke, mudzi ugwirizane zoleka kutentha tchire udzu usanamwetedwe. Khitchini ya udzu italikirane ndi nyumba yogona ndi nkhokwe chifukwa cha moto.

Pa mitanda ndi mapaso gwiritsani ntchito bulugamu kapena nsungwi zobzala. Mlombwa ndi mbawa zatsala zochepa.

7. MPHEPO ILOWE, UDZUDZU UTSALE KUNJA

Chipinda chilichonse chikhale ndi potulukira mphepo mbali ziwiri: windo ndi windo, kapena windo ndi kabowo pamwamba pa chitseko. Mpweya wotentha umakwera, choncho timabowo ta pamwamba pa khoma timathandiza usiku ngakhale mawindo atatsekedwa. Kukhoma mawindo ndi njerwa poopa akuba kumasandutsa chipinda kukhala chamdima ndi chachinyezi. Ikani zitsulo m'malo mwake. Mawindo okwanira amatanthauzanso kuti mwana amawerenga masana osayatsa kanthu.

Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata umenewu utsekeni ndi matope kapena waya wa sefa, ndipo mawindo ndi timabowo tonse tikhale ndi sefa. Zimenezi zimathandizana ndi neti, sizilowa m'malo mwake. Aliyense azigonabe m'neti.

8. KHITCHINI NDI MBAULA

Nkhuni za uvuni zimapita kamodzi, za kukhitchini zimapita tsiku ndi tsiku. Pa mafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali. Mbaula yomanga ndi dothi ndi njerwa zochepa, yokhala ndi khomo limodzi la nkhuni ndi njira yolunjika pa poto, imaphika ndi timitengo tating'ono. Bungwe la COMACO, limene limagwira ntchito ndi alimi m'chigawo cha Kum'mawa, lakhala likuphunzitsa mbaula zotere pamodzi ndi kubzala gliricidia, kuti nthambi zosadza m'munda zikhale nkhuni.

Utsi ndi matenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana oberekedwa kumbuyo. Khitchini ikhale ndi windo moyang'anizana ndi chitseko, ndi potulukira utsi pamwamba. Umitsani nkhuni musanasonkhe, vundikirani poto, ndipo nyemba zivikeni madzulo kuti zipse msanga.

Chenjezo: musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

9. MADZI A PADENGA NDI MAGETSI A DZUWA

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Dera lathu limalandira mamilimita 800 mpaka 1,000 pa chaka chabwino. Tengani denga la mamita 8 ndi mamita 6: pa mvula ya mamilimita 900 pamagwa malita 43,200. Ngakhale mutataya gawo limodzi mwa magawo asanu, mwatsala ndi malita oposa 34,000, kapena zigubu za malita 20 zoposa 1,700. Simungasunge onse, koma ngakhale migolo iwiri imapumitsa mitu ya amayi dzinja lonse ndipo imachotsa madzi m'munsi mwa khoma. Ikani ngalande yachitsulo kapena yapulasitiki m'mphepete mwa malata. Mvula yoyamba itsuke denga, madzi ake muthirire mitengo. Mgolo uzikhala wovundikira, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mtunda wa mamita 30 kapena kuposa.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa za magetsi. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ndipo ngakhale a m'tauni olumikizidwa ku ZESCO ankakhala maola ambiri mumdima. Nyumba yowala masana ndi yozizira yokha imafuna magetsi ochepa, ndipo sola yaing'ono imakwana. Werengani musanagule: mababu anayi a LED a mawati 3 oyaka maola 5, mafoni awiri ndi wailesi zimadya pafupifupi mawati 100 pa tsiku mukaphatikiza maola ake. Panelo ya mawati 50 imakwanitsa zimenezi dzuwa likawala bwino. Iyang'ane kumpoto, ipendeke pang'ono madigiri 15, pasakhale mthunzi, ndipo muziipukuta fumbi. Pakati pa panelo ndi batire pakhale kachipangizo koteteza batire kuti lisapse. Batire lakufa lili ndi mtovu ndi asidi: musalitaye kudzala kapena kupatsa ana, libwezeni kwa ogula mabatire akale.

10. BZALANI MITENGO YA NYUMBA

Chaka chimene mwayamba kuganiza zomanga, bzalani. Kumadzulo ndi kum'mawa kwa nyumba ikani mitengo ya mthunzi ndi zipatso, monga mango ndi mapeyala, mtunda wa mamita 6 kapena kuposa kuchokera kukhoma kuti mizu isasokoneze maziko. M'munda bzalani gliricidia ndi msangu. Nsungwi ziikeni m'mphepete mwa mtsinje ndi m'zigwembe, zimagwira nthaka ndipo zimapereka zomangira. Bulugamu akhale kutali ndi dimba ndi chitsime, chifukwa amamwa madzi ambiri. Zitsa zimene zikuphukira m'munda musazitenthe. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zimakula msanga kuposa mbande. Dzenje limene munakumbamo dothi likwirireni ndi zinyalala zoola ndi dothi lakuda lija, mubzalemo nthochi.

11. MAFUNSO AMENE ANTHU AMAFUNSA

Kodi nyumba ya zidina ingaikidwe malata, magalasi ndi simenti pansi? Inde. Ikamatidwa bwino ndi kupakidwa laimu, wodutsa sangaisiyanitse ndi ya njerwa zowotcha.

Nanga makina otsindira njerwa, banja limodzi lingawakwanitse? Kawirikawiri ayi, ndipo palibe chifukwa. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu ya amayi, gulu la achinyamata kapena kopaletivi ingagule makina amodzi, kumangira mamembala mosinthana, kenako n'kumagulitsa njerwa kwa ena.

Ndili kale ndi nyumba yotentha, ndichite chiyani? Yambani ndi siling'i ya bango kapena mphasa. Kenako tsegulani timabowo ta mphepo, pakani laimu kunja, mangani khonde kumadzulo, bzalani mtengo.

12. NTHAWI YA NTCHITO NDI KOPEZA THANDIZO

- Disembala mpaka Malichi: onani mayendedwe a madzi pamalo anu, bzalani mitengo.
- Epulo ndi Meyi: yesani dothi, sonkhanitsani miyala ndi mchenga, gwirizanani ndi mmisiri.
- Juni ndi Julayi: mwetani udzu ndi bango, umbani njerwa madzi akadalipo m'madambo.
- Ogasiti ndi Seputembala: maziko ndi makoma.
- Okutobala: denga, kumata ndi ngalande zithe mvula isanagwe. Khoma ladothi lisalowe dzinja lopanda denga.

Ndalama ya CDF, imene boma linaikweza kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ili ndi gawo lothandiza magulu a amayi ndi achinyamata ndiponso lolipirira maphunziro a ntchito zamanja. Gulu lanu lifunse ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu kapena ku khonsolo. Za mbande ndi chilolezo chodula mitengo, pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola mudzi, mogwirizana ndi mfumu, kupanga gulu lovomerezeka losamala nkhalango yake ndi kupindula nayo. Womanga pa boma kapena pa malo a khonsolo ayambe waonetsa pulani yake ku khonsolo.

MAWU OTSIRIZA

Musanapatse mmisiri ndalama yoyamba, khalani naye pansi mumufunse mafunso asanu: nyumba iyang'ana kuti, dothi layesedwa kodi, maziko atuluka masentimita angati, denga lituluka bwanji kunja kwa khoma, ndipo mphepo idzalowera pati. Akayankha momveka, mupatseni ntchito. Inu amfumu ndi anduna, nkhaniyi ikambidwe pabwalo uvuni wa chaka chino usanayatsidwe. Inu makolo, mangani nyumba imene ana anu adzagonemo bwino, ndipo muwasiyire mitengo yoti nawonso adzamangire zawo.